Mapiritsi a munthu amene sakumva kupweteka

Matenda ambiri amene anthu a ku Mitundu ndi ku Nathenje anakula akuwadziwa amabwera poyera, amachokanso poyera. Malungo amagwetsa munthu pamphasa, thupi kutentha, mfundo kuphwanya. Akamwa LA masiku atatu amadzuka n'kubwerera kudimba. Chifuwa chachikulu chimatenga miyezi isanu ndi umodzi, komabe nacho chili ndi tsiku limene adokotala amati basi, mwachira. Kuthamanga kwa magazi, kumene aliyense amangoti BP, kulibe tsiku lotero. Kawirikawiri sikupweteka paliponse. Munthu amalima, amasoka fodya, amapalasa njinga kuchoka kumudzi mpaka pamsika wa Mitundu atamanga thumba la mtedza pakaliyala, kwinaku magazi akukankha makoma a mitsempha yake mopyola muyeso, usana ndi usiku, kwa zaka. Zimene zikuwonongeka mwakachetechete ndi mtima, impso, maso ndi timitsempha ta mu ubongo. Ambiri amadzadziwa tsiku limene pakamwa papotoka, mkono ndi mwendo wa mbali imodzi zaleka kugwira ntchito.

Achipatala amati BP ndi yokwera ikamafika 140/90 kapena kupitirira apo, atayeza pa masiku osiyana. Mu 2009 Unduna wa Zaumoyo mothandizana ndi bungwe la WHO unayeza anthu a zaka 25 mpaka 64 m'dziko lonse lino, ndipo unapeza kuti pafupifupi mmodzi mwa atatu aliwonse anali ndi BP yokwera. Mwa iwo, oposa asanu ndi anayi pa khumi aliwonse sankadziwa. Kafukufuku wa bungwe la MEIRU, amene anayeza anthu oposa 28,000 ku Karonga ndi ku Area 25 mumzinda wa Lilongwe ndipo anafalitsidwa mu 2018, anapeza chiwerengero chotsikirapo, pafupifupi mmodzi mwa asanu ndi awiri, poti anawerengera ndi achinyamata a zaka 18 omwe. Koma anaonetsa chinthu chofunika: kumudzi ndi kutauni sikunasiyane kwenikweni. Zoti BP ndi matenda a mabwana a mimba zazikulu zinatha kalekale.

Kupeza matendawa n'kosavuta. Kamakina koyezera kamatenga mphindi imodzi. Mankhwala ake nawonso si achilendo kapena odula kupanga: HCT, amlodipine, enalapril, atenolol. Povuta ndi pa mwezi wachitatu, wachisanu, chaka chachiwiri, pamene munthu ayenera kumezabe kapiritsi m'mawa uliwonse ali bwinobwino. Lipoti la WHO la 2003 linanena kuti ngakhale m'mayiko olemera, mwa anthu a matenda okhalitsa ndi theka lokha limene limamwa mankhwala monga analembera dokotala. Amenewo ndi anthu a magalimoto, a famase pakhomo. Choncho tisathamangire kunena kuti agogo a m'mphepete mwa phiri la Bunda amasiya mankhwala chifukwa cha umbuli. Zifukwa zawo zambiri n'zomveka, ndipo wozimvetsa ndi amene angazigonjetse.

"Ndachira"

Chifukwa choyamba chimabadwa pa tsiku limene mankhwala agwira ntchito. Mayi wamwa mapiritsi miyezi iwiri, wabwera kudzayezetsa, namwino wayang'ana kamakina n'kumwetulira: "Amayi, lero ili bwino, yatsika." Kwa namwino mawuwa akutanthauza kuti pitirizani. Kwa mayiyo akutanthauza kuti ntchito yatha. Amabwerera kumudzi mtima uli m'malo, buku la kuchipatala n'kulisomeka kudenga, ndipo otsala m'kapepala aja amawasunga kuti adzamwe tsiku limene idzakwerenso.

Palibe amene wanama apa. Moyo wonse wa mayiyu wamuphunzitsa kuti mankhwala ndi a munthu wodwala, ndipo wochira amasiya. Chimene sanauzidwe momveka n'chakuti mapiritsi a BP ali ngati mzati wochirikiza nkhokwe yopendama: nkhokweyo yaima chifukwa mzatiwo ulipo, ndipo wouchotsa poona kuti nkhokwe yaima bwino ndiye waigwetsa. Mphamvu ya piritsi imatha pakadutsa masiku ochepa. Akaleka, BP imabwerera pamene inali, mosamveka ngati poyamba paja. Atenolol ndiye woopsa kumusiya mwadzidzidzi, chifukwa mtima umatha kuyamba kugunda mothamanga kuposa kale.

Pali gulu lina lalikulu limene silisiya kwenikweni, koma limamwa mwa apo ndi apo. Awa amati amaidziwa BP yawo ikakwera: mutu umalemera kunkhongo, m'maso mumachita chizungulire, mtima umagunda. Tsiku lotero amameza piritsi monga momwe amamezera Panado. Vuto n'lakuti thupi silidziwa kuyeza. Mutu umatha kupweteka BP ili bwino, ndipo BP imatha kufika 180 munthu akuseka pabawo. Koma munthu amakhulupirira thupi lake kuposa manambala olembedwa m'buku ndi munthu amene anaonana naye mphindi zitatu, ndipo n'kovuta kumudzudzula.

Maganizo

Funsani munthu wamkulu aliyense pa Nathenje kuti BP imayamba bwanji, yankho lofulumira ndi lakuti maganizo. Mwana wamkazi wabwerako ku banja ndi ana atatu. Fodya wabwezedwa ku okushoni ku Kanengo. Feteleza wakwera mtengo. Malire a munda akukanganirana ndi mlamu. Mu yankho limeneli muli choonadi. Mantha ndi mkwiyo zimakwezadi BP pa nthawiyo, ndipo nkhawa ya zaka zambiri siichitira mtima zabwino. Koma BP yokhazikika ili ndi mizu inanso: ukalamba umene umaumitsa mitsempha, mtundu umene munthu anabadwiramo, mchere, kunenepa, mowa, impso zofooka. Mizu imeneyi sizuka mlandu wa munda ukatha kwa amfumu.

Chikhulupiriro chakuti BP ndi maganizo basi chimatsogolera kuwiri, ndipo konseko mankhwala amatsalira. Wina amati mavuto anga atha, mwana wapeza ntchito, BP ya chiyaninso? Wina amati mavuto anga sangathe, nanga kapiritsi kangachotse ngongole? Wachiwiriyu ndiye wodetsa nkhawa kwambiri, chifukwa nthawi zina zimene akutcha maganizo zimakhala matenda enieni a kukhumudwa: tulo tosowa, chakudya chosakoma, kusafuna kuonana ndi anthu, kudziona ngati katundu wolemetsa ana. Ofufuza atasonkhanitsa zotsatira za kafukufuku wambiri m'chaka cha 2000 anapeza kuti wodwala wokhumudwa chotere amalephera kutsata mankhwala katatu kuposa mnzake amene mumtima muli bwino. Mayi wamasiye amene akulera zidzukulu zisanu saiwala mapiritsi chifukwa chosadziwa ntchito yake. Kungoti mawa lake sakuliona kuti n'lofunika kulisungira moyo.

Pamzere wa chipatala palibe nthawi yofunsa zimenezi. Ku Harare, m'dziko la Zimbabwe, dokotala wa matenda a maganizo Dixon Chibanda anayamba kuphunzitsa agogo aakazi kuti azikhala pabenchi panja pa chipatala n'kumamvetsera anthu olemedwa mumtima, kuwathandiza kusanthula mavuto awo limodzilimodzi. Ntchitoyi, yotchedwa Friendship Bench, inayesedwa mwasayansi ndipo inaoneka kuti imathandiza, moti inafika ndi kuno kwathu. Kwa ife si zachilendo ayi. Anankungwi ndi amayi a Mvano akhala akugwira ntchito yofanana nayo kuyambira kale, kungoti palibe anawauza kuti kumvetsera kwawoko kumakhudzana ndi manambala a pa kamakina.

Miyendo ikatupa

Mankhwala aliwonse ali ndi khalidwe lake, ndipo a BP ali ndi makhalidwe amene amagwera pamalo povuta m'moyo wa Mchewa. HCT amakodzetsa, makamaka masabata oyamba. N'chifukwa chake amamwedwa m'mawa. Mayi wogulitsa tomato pamsika tsiku lonse, kapena wokwera minibasi yopita m'tauni, amayamba wawerengera kumene kuli chimbudzi, ndipo tsiku la msika piritsi limatsala kunyumba. Wolima dzuwa lili pamutu amatha kumva chizungulire akaweramuka msanga. Amlodipine amatupitsa akakolo mwa anthu ena. Enalapril amabweretsa kachifuwa kouma, kokanda pakhosi, kosamva mankhwala a chifuwa.

Tsono taganizani za kutupa miyendo ndi kutsokomola. Makolo athu ali nalo kale dzina la matenda otupitsa miyendo ndi nkhope, otsokomoletsa ndi opweteka pachifuwa: mdulo, ena amati tsempho. Amati amagwira munthu pamene wina m'banja wakhala malo amodzi ndi mnzake pa nthawi yoletsedwa, kapena wathira mchere m'ndiwo ali wotentha. Ndiye bambo amene wayamba amlodipine mwezi watha akaona nsapato zikuthina, chimene chimabwera m'mutu mwa alongo ake ndi amayi ake si kapiritsi koyera kaja. Amayang'ana mkazi wake. Nkhani imachoka ku chipatala n'kupita kwa ankhoswe ndi kwa sing'anga, ndipo mapiritsi amaikidwa pambali kuti mankhwala achikuda agwire bwino. Akasiya amlodipine kutupa kumaphweradi patapita masiku, ndipo aliyense amatsimikiza kuti unalidi mdulo. BP ija yabwerera pamalo pake, palibe akuiona.

Chomvetsa chisoni n'chakuti zonsezi zikanapewedwa ndi chiganizo chimodzi pa tsiku loyamba: "Bambo, mankhwalawa ena amawatupitsa mapazi, mukaona choncho bwerani tidzasinthe." Mitundu ya mankhwala ilipo ingapo, ndipo kusintha n'kololedwa. Kubwerera kuchipatala n'kofunikanso pa chifukwa china: miyendo imatupanso mtima kapena impso zikayamba kulephera chifukwa cha BP yomweyo, ndipo kusiyanitsa ziwirizi ndi ntchito ya woyeza.

Sitiroko nayo ili ndi tanthauzo lake lakale. Munthu amene dzulo anali kumunda, lero wagwa pabwalo, sakuyankhula, mbali imodzi yafa: anthu amanong'onezana kuti am'menya hamala. Kufulumira kwa ngoziyo ndi kumene kumapatsa mphamvu mawu amenewa, poti matenda wamba sagwetsa munthu chotero. Banja likavomereza kuti ndi ufiti, funso limakhala lakuti wachita ndani, ndipo nkhalamba ina yosalakwa imalozedwa chala. Abale a wogwayo, amene mwina ali ndi BP yomweyo ya kumtundu, palibe amaganiza zokayezetsa.

Za mapemphero ndinene mwachidule. Mipingo yakale ya dera lino ndi imene inamanga zipatala: ku Nkhoma kuli chipatala cha Sinodi ya CCAP, kufupi ndi Mitundu kuli cha Akatolika ku Mlale. Kupemphera ndi kumwa mankhwala sizinayambe zadana. Koma kuli alaliki ena amene amauza wodwala kuti wachiritsidwa, ndipo kupitiriza mapiritsi n'kukayika Mulungu. Pa matenda opweteka bodza lotere limaululika msanga. Pa BP limatha kukhala zaka ziwiri likuoneka ngati umboni, chifukwa munthuyo akumvadi bwino. Chimodzimodzi adyo, chammwamba, mandimu ndi mabotolo a zitsamba ogulitsidwa pamsika ndi chimkuzamawu: womwayo alibe njira yodziwira ngati zikugwira, kupatula kuyezetsa.

Mphika ndi chikwama

Piritsi amameza munthu mmodzi, koma mchere amathira wina. WHO imati munthu wamkulu asapyole magalamu 5 a mchere pa tsiku, ndiye kuti kasupuni kamodzi ka tiyi kosadzaza, kuwerengera zonse zimene wadya. Onani tsono chakudya chathu. Usipa wouma uli kale ndi mchere wake. Therere ndi chigwada timathira soda, amene m'thupi amachita zofanana ndi mchere. Timakyubu tokometsera ndiwo tafika m'maokala onse. Pachiwaya cha tchipisi ndi kanyenya pa Mitundu pamakhala kamulu ka mchere wosakaniza ndi tsabola, ndipo nthuli iliyonse imayamba yagunda pamenepo isanafike pakamwa.

Namwino akati "muchepetse mchere", amalankhula ngati wodwalayo ndiye mwini mphika. Agogo amene amalandira mbale kuchokera kwa mwana wawo sangabweze ndiwo. Mkamwini wokhala kwa akazi ake sangapite kukhitchini kukalamula kathiridwe ka mchere apongozi ali pomwepo. Pamaliro ndi pachinkhoswe, ndiwo ndi za gulu. Kupempha kuti akuphikire kamphika kakokako kuli ndi mtengo wake: nkhuni zina, mafuta ena, ndiponso kunong'ona kwakuti ameneyu watani, akutiganizira kuti timuthirira? M'mudzi wa Achewa mchere uli ndi malamulo ake kale a yemwe angathire ndi nthawi yake, ndipo lamulo la chipatala limafika ngati mlendo pakati pa malamulo amenewo. Njira imene imayenda ndi yakuti wophikayo achepetse mchere wa banja lonse pang'onopang'ono. Lilime limazolowera pakatha masabata ochepa, ndipo ana nawo amapindula. Koma kuti zitero, wophikayo ndi amene anayenera kumva uphunguwo, ndipo iye kawirikawiri amakhala atatsala kunyumba.

Thupi nalo lili ndi chinenero chake. Kunenepa kwathu kuno ndi umboni wakuti banja likuyenda, mwamuna akusamala. Ndipo kuyambira zaka za m'ma 1990, pamene Edzi inkatenga anthu ataonda mpaka mafupa, kutsika thupi kumayambitsa manong'onong'o. Mayi wouzidwa kuti achepetse thupi amadziwa zimene anzake akanene pamjigo. Ngakhale kumwa mapiritsi tsiku ndi tsiku kumakayikitsa: wina akakuona ukumeza m'mawa uliwonse, amadziwerengera yekha. Alipo amene amabisa mankhwala a BP kuopa kuti anthu aziti ndi ma ARV, ndipo mankhwala obisidwa pansi pa sutikesi amaiwalika msanga kuposa okhala pawindo pafupi ndi mswachi.

Kenako ndalama. M'zipatala za boma mankhwala ndi aulere. M'zipatala za mishoni za pansi pa CHAM munthu amalipira kangachepe. Koma ulere uli ndi mtengo wake. Pali kabaza wopita ndi wobwerera. Pali tsiku la ganyu lotayika, kapena mzere wa fodya wosathyoledwa. Ndipo pali mawu amene wodwala aliyense wa BP m'dziko muno anawamvapo pawindo lolandirira mankhwala: atha, mukagule. Kuyambira pamene kwacha inagwetsedwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, za m'mafamase zinakwera monga zinakwerera zina zonse. Munthu amene wayenda ulendo wonsewo kawiri n'kubwerako chimanjamanja, kachitatu sapitanso, ndipo m'kaundula amalembedwa ngati wothawa mankhwala.

Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno. Mu Januwale ndi Febuluwale, nkhokwe ili pululu, ndalama imene ilipo ikulimbirana ufa, sopo ndi mayeso a mwana, sitiroko ya zaka zisanu zikubwerazo singapambane mkangano umenewo. Ambiri amakhulupiriranso kuti mankhwala pamimba yopanda kanthu amafoola, choncho tsiku logona ndi njala ndi tsikunso lopanda piritsi, ngakhale kuti amlodipine ndi HCT amatha kumwedwa munthu asanadye. Ena amadumphitsa tsiku kuti a mwezi umodzi akwane iwiri. Ena amabwereka kwa mnansi amene naye "ali ndi BP", osadziwa kuti a mnzawoyo ndi amtundu wina. Izi n'zoopsa makamaka kwa mayi woyembekezera, chifukwa enalapril amavulaza mwana m'mimba. Oyembekezera ali ndi awoawo, monga methyldopa ndi nifedipine.

Pali kulemera kwina kumene sikulembedwa m'buku lililonse. Nkhalamba imene mankhwala ake amagula ndi mwana wa ku Lilongwe kapena wa ku Joni imayenera kupempha mwezi ndi mwezi. Mwezi woyamba mwanayo amatumiza mokondwa. Wachisanu ndi chimodzi foni imayamba kuitana osayankhidwa. Kholo limamva, ndipo pofuna kusunga ulemu wake limati: "Iyayi mwanawe, masiku ano ndikupezako bwino, usavutike."

Abambo

Chipatala cha kumudzi chili ndi nkhope ya chizimayi. Amayi amapitako ku sikelo ya mimba, ku sikelo ya ana, ku zakulera, ndipo BP yawo imayezedwa panjira. Bambo amapitako atanyamulidwa. Kukhala pabenchi kuyambira m'mawa pakati pa amayi ndi makanda, uli ndi mphamvu zako, pofuna mapiritsi a matenda amene sukuwamva, ambiri amakuona ngati kudzitsitsa.

Ndiye pali nkhani imene sinenedwa m'chipinda cha dokotala koma imanenedwa kwambiri pabawo ndi pamowa: akuti mankhwala a BP amagwetsa munthu mu mpapaya. Mphekeserayi ili ndi pogwira. HCT ndi atenolol amatha kuchepetsa mphamvu za m'nyumba mwa abambo ena. Theka lina la nkhaniyi, limene silifika pabawo, n'lakuti BP yosasamalidwa imawononga mitsempha yomweyo imene mphamvuzo zimadalira, moti wosiya mankhwala pofuna kuteteza banja lake amatha kufika komwe ankathawako. Amlodipine ndi enalapril sadziwika kwambiri ndi vuto limeneli, ndipo kusintha n'kotheka. Koma bambo wa zaka makumi asanu sangayambitse nkhani yotere kwa namwino wa msinkhu wa mwana wake, chitseko chili chotsegula, anthu akusuzumira. Amangoti zikomo, n'kutuluka, osabweranso. Woyenera kuyambitsa ndi wachipatalayo.

Za mowa n'zachidule. Munthu akauzidwa kuti mankhwala ndi mowa siziyendera limodzi, iye amasankha yekha chosiya Loweruka, ndipo kawirikawiri si kachasu.

Zimene tinachita ndi ma ARV

Amene amati Amalawi sangathe kumwa mankhwala moyo wonse ayenera kufotokoza chinthu chimodzi. Boma linayamba kupereka ma ARV aulere mu 2004, ndipo lero anthu oposa 800,000 amawamwa tsiku ndi tsiku, ambiri mwa iwo mokhulupirika moti kachilombo sikaonekanso m'magazi. Ndi anthu omwewa, a m'midzi yomweyi, okwera kabaza yemweyu. Kusiyana kwake kuli pa zimene zinamangidwa mozungulira piritsilo. Woyamba ma ARV ankabwera ndi gadiyani, ndipo onse awiri ankaphunzitsidwa asanalandire botolo loyamba. Kuli magulu othandizana. Kuli anzawo amene akumwa kale, okhala pachipatala pomwepo kulimbikitsa atsopano. Wodumpha tsiku lake amaimbiridwa foni kapena kulondoledwa kumudzi. Amene zikumuyendera bwino amapatsidwa a miyezi isanu ndi umodzi nthawi imodzi. Ndipo mankhwalawo, amene amagulidwa ndi thandizo la Global Fund n'kuyenda njira yawoyawo, sasowasowa.

Wa BP alibe zonsezi. Amalandira kapepala ka mapiritsi ndi tsiku lobwerera. Akapanda kubwera palibe amadziwa. Mankhwala ake amadalira thumba la mankhwala la boma, limene limagawanidwa ndi matenda ena onse. Kafukufuku wofalitsidwa mu 2019, amene anacheza ndi Amalawi okhala ndi HIV pamodzi ndi BP, anapeza kuti ambiri ankaiopa BP kuposa kachilombo, poti imapha mwadzidzidzi, komabe mankhwala amene ankadumphitsa kwambiri anali a BP, chifukwa cha mtengo ndi kusowa kwake. Munthu mmodzi yemweyo, wodziwa, wamantha, wokhulupirika pa botolo limodzi ndi wolephera pa linzake. Apa n'zovuta kunena kuti vuto ndi khalidwe lake.

Ku Neno, Unduna wa Zaumoyo ndi bungwe la Abwenzi Pa Za Umoyo anachita chinthu chosavuta kuchimva: kuyambira 2015 anaphatikiza kiliniki ya HIV ndi ya matenda okhalitsa monga BP, shuga, mphumu ndi khunyu kukhala imodzi, m'zipatala zazing'ono zomwe, ndi alangizi a m'midzi olondola aliyense wosowa. Wokhala pabenchi sadziwika kuti wabwerera chiyani, ndipo wa BP amalandira chisamaliro chimene kale chinali cha wa ma ARV yekha. Kutali ku Los Angeles, kafukufuku wa 2018 anatengera akatswiri a mankhwala m'mashopu ometera tsitsi a anthu akuda, kumene abambo amapita okha mosakakamizidwa, ndipo BP ya abambowo inatsika kwambiri kuposa ya anzawo amene anangolangizidwa kukaonana ndi dokotala. Kwathu kuno malo otero sasowa. Amayi a banki m'khonde amakumana sabata iliyonse osaphonya, ndipo amadziwa kulondola mnzawo amene sanabwere. Miphakati, Mvano, makalabu a alimi a fodya, ngakhale siteji ya kabaza pa Nathenje, ponsepo kamakina ka mabatire kangathe kugwira ntchito. Kuyeza kokha sikuchiza, inde, ndipo kuyeza anthu kumene kulibe mankhwala n'kungowapatsa nkhawa. Koma munthu amene amaona manambala ake mwezi ndi mwezi, akukwera akasiya, akutsika akamwa, amakhala ndi umboni umene thupi lake silimupatsa.

Chotsala ndi khomo lobwererera. Pafupifupi aliyense womwa mankhwala a zaka zambiri amadzadukiza penapake: maliro a kutali, mvula yodula mlatho, mwezi wopanda ndalama. Chimene chimasandutsa kudukiza kwa milungu iwiri kukhala kwa zaka ziwiri nthawi zambiri ndi mantha a kukalipiridwa. Munthu wamkulu, mwinimbumba wolemekezeka kwawo, safuna kukafunsidwa pagulu kuti munali kuti, mukufuna kufa? Amadikira kuti apeze chonena, ndipo akamadikira manyazi amakula. Ena pofuna kupewa zimenezi amameza mapiritsi masiku awiri okha tsiku la kiliniki lisanafike, kapena amangovomera kuti akumwa bwinobwino. Wachipatala poona manambala ali pamwamba amawonjezera mlingo kapena mtundu wachiwiri, ndipo tsiku limene wodwalayo adzamwe onsewo mokhulupirika adzamva chizungulire choti n'kugwa nacho, n'kutsimikiza kuti mankhwalawa ndi oipa.

Funso lofunsidwa mwaulemu limatulutsa yankho lina. "Agogo, anthu ambiri zimawavuta kumwa tsiku lililonse, inu sabata yathayi munadumpha masiku angati?" Wofunsidwa chotere amatha kunena zoona, ndipo zoonazo ndi zimene zimasonyeza ngati chofunika ndi kusintha mtundu wa mankhwala, kuitana mwana wophika uja, kupereka a miyezi itatu, kapena kufunsa za tulo ndi za mumtima. Kwa wodwalayo malangizo ndi ochepa: woiwala tsiku limodzi asamwe awiri mawa lake, angopitiriza monga mwa masiku onse; wosiya kwa miyezi abwerere ndi buku lake ndi timapepala ta mankhwala akale, akhale pansi mphindi zisanu kuti thupi lizizire ulendo asanayezedwe, ndipo anene tsiku lenileni limene anameza piritsi lomaliza.